Amariya angati, Ayakobo angati? Mafunso ndi mayankho pa mayina obwerezabwereza a m'Baibulo

Pa akazi amene anaima pafupi ndi mtanda wa Yesu, atatu anali a Mariya. Pa atumwi 12, Luka akutchula a Simoni awiri, a Yakobo awiri ndi a Yudasi awiri, kutanthauza kuti theka la gulu lonselo linali la anthu ogawana dzina ndi mnzawo. Wowerenga akathamanga amaphatikiza anthu awiri kukhala mmodzi, ndipo m'mbuna imeneyi munagwapo ngakhale alaliki otchuka.

Kodi kubwerezaku n'kochuluka chotani?

Tiyambe ndi Simoni. M'Chipangano Chatsopano muli a Simoni 9: Petro, Simoni Zelote, Simoni m'bale wake wa Yesu, Simoni wakhate wa ku Betaniya, Simoni Mfarisi amene anaitana Yesu ku chakudya, Simoni wa ku Kirene amene anasenzetsedwa mtanda, Simoni bambo wake wa Yudasi Isikariote, Simoni wamatsenga wa ku Samariya ndi Simoni wofufuta zikopa wa ku Yopa. Womalizayu ndiye anasunga Petro m'nyumba mwake, moti amithenga a Korneliyo atafika pakhomo pa Simoni kudzafuna Simoni, anachita kunena kuti akufuna uja amatchedwanso Petro.

A Mariya alipo 6 kapena 7, kutengera mmene ukuwerengera. A Yudasi ndi 6. A Yohane ndi a Yakobo nawo ndi gulu.

Kodi Ayuda mayina anawathera?

Mayina analipo ambirimbiri, koma makolo ankathamangira ochepa okha. Izi timazidziwa bwino chifukwa cha ntchito ya Tal Ilan, katswiri wa mbiri ya Ayuda, amene mu 2002 anasindikiza buku losonkhanitsa mayina a Ayuda a ku Palestina kuyambira chaka cha 330 Khristu asanabadwe mpaka 200 atabadwa. Mayinawo anawatola m'mabuku a Josephus, wolemba mbiri wachiyuda, m'zolemba za arabi (aphunzitsi a Ayuda), m'makalata akale opezeka m'chipululu cha Yudeya, ndiponso pa timabokosi ta miyala timene Ayuda ankasungiramo mafupa a akufa. Katswiri wina, Richard Bauckham, atawerengetsa mayina amenewa m'buku lake la mu 2006, anapeza kuti amuna pafupifupi 16 pa 100 alionse anali Simoni kapena Yosefe, ndipo oposa 40 pa 100 ankagawana mayina 9 okha. Kwa akazi n'kumene zinanyanya: pafupifupi 29 pa 100 alionse anali Mariya kapena Salome.

Gwero lalikulu la zimenezi lili m'zaka zimene owerenga ambiri amazidumpha, za pakati pa Malaki ndi Mateyu. M'chaka cha 167 Khristu asanabadwe, mfumu Antiochus IV Epiphanes ya ufumu wa Agiriki wa ku Siriya inaletsa chipembedzo cha Ayuda n'kudetsa Kachisi wa ku Yerusalemu. Wansembe wokalamba wa m'mudzi wa Modein, dzina lake Matatiyasi, anakana kupereka nsembe yachikunja ndipo anathawira kumapiri ndi ana ake aamuna asanu: Yohane, Simoni, Yudasi, Eleazara ndi Yonatani. Yudasi, amene ankamutcha Makabeo, analanda Kachisi n'kumuyeretsa mu 164, ndipo chikondwerero cha Hanukkah chimene Ayuda amachita mpaka lero chinayambira pomwepo. Simoni ndiye anamaliza kumasula dziko, nakhala mkulu wa ansembe ndi wolamulira.

Tsono onani mayina amene anali patsogolo m'masiku a Yesu: Simoni, Yosefe, Eleazara, Yuda, Yohane, Yesu, Hananiya, Yonatani, Matatiyasi. Banja lonse la Amakabeo lili momwemo. Eleazara ndiye Lazaro, ndipo Mateyu ndi Matiya ndi Matatiyasi wofupikitsidwa. Anthu amene ankapereka msonkho kwa Aroma ankatcha ana awo mayina a ngwazi zimene zinapirikitsapo atsamunda ena. Nkhani ya banjali ili m'mabuku a Amakabeo, amene amapezeka m'Mabaibulo a Akatolika koma m'Buku Lopatulika mulibe, n'chifukwa chake Akhristu ambiri amadziwa mayinawo osadziwa eni ake oyamba.

Chifukwa china n'chapabanja. Kale kwambiri, m'masiku a Genesis, mwana ankapatsidwa dzina lofotokoza mmene anabadwira kapena zimene zinali mumtima mwa mayi ake. Ayuda atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, mwambo wotcha mwana dzina la agogo ake kapena la wachibale unafala. Luka akusonyeza zimenezi pa mwambo wa mdulidwe wa Yohane M'batizi: achibale ankafuna kumutcha Zakariya ngati bambo ake, ndipo Elizabeti atanena dzina lina anamutsutsa kuti pamtundu pawo panalibe wa dzina limenelo.

Chodabwitsa n'chakuti mayina a Mose, Davide ndi Eliya sankawagwiritsa ntchito kwenikweni. Akatswiri ena amati ankaoneka olemera kwambiri kuti munthu awasenzetse khanda.

Nanga pamudzi ankasiyanitsana bwanji?

Mofanana ndi mmene timachitira pamudzi pamene pali a Phiri asanu: awa ndi a Phiri akuchigayo, awo ndi a Phiri aatali, enawo ndi a Phiri bambo a uje. Ayuda ankawonjezera dzina la bambo, pogwiritsa ntchito mawu a Chiaramu akuti "bar", kutanthauza mwana wa: Baratimeyo ndi mwana wa Timeyo, Batolomeyo ndi mwana wa Tolomayi. Ena ankadziwika ndi kwawo, monga Yosefe wa ku Arimateya ndi Mariya wa ku Magadala. Ena ndi ntchito, ena ndi dzina lachiwiri la Chigiriki kapena la Chilatini, monga Yohane Maliko. Ena ndi dzina lowaseleula kapena lowayamikira. Yosefe wa ku Kupro atumwi anamutcha Barnaba, ndipo dzina lake lenileni linaiwalika. Akazi ankatchulidwa ndi mwamuna wawo kapena ana awo.

Olemba Uthenga Wabwino ankasamala pa zimenezi. Pamndandanda wa atumwi, mayina ofala monga Simoni, Yakobo ndi Yudasi ali ndi mchira wowasiyanitsa, pomwe osowa monga Filipo ndi Tadeyo angoima okha. Bauckham amaona zimenezi ngati umboni wakuti nkhanizo zinachokera kwa anthu amene analipodi, makamaka poti Ayuda a ku Iguputo a nthawi yomweyo ankakonda mayina ena monga Dositheus ndi Sabbataios, omwe m'Mauthenga mulibe. Mfundoyi ndi yolimba pa chinthu chimodzi: mayinawo ndi a ku Palestina enieni, sanapekedwe ndi munthu wokhala kutali. Koma kuchoka pamenepo n'kunena kuti nkhani iliyonse yatsimikizika n'kulumpha mtunda wautali, ndipo akatswiri ena amamutsutsa pamenepa.

Dzina la Mariya linachokera kuti?

Kwa Miriamu, mlongo wake wa Mose ndi Aroni, amene anatsogolera akazi kuimba ndi kuvina atawoloka nyanja. Omasulira Malembo m'Chigiriki analemba Mariam, kenaka Maria. Pa tanthauzo lake akatswiri sagwirizana. Ambiri amaganiza kuti ndi dzina la Chiiguputo lokhudza chikondi, poti banjalo linabadwira ku Iguputo. M'Chipangano Chakale dzinali n'losowa zedi, koma pofika nthawi ya Yesu linali paliponse. Nalonso linali la m'banja la Amakabeo: Mariamne, mkazi wa Herode Wamkulu amene Herodeyo anamupha mu 29 Khristu asanabadwe, anali wa mbumba imeneyo, ndipo mfumukazi Salome Alexandra amene analamulira kuyambira 76 mpaka 67 anakwatiwa m'banja lomwelo.

A Mariya ake ndi awa: mayi wa Yesu, wa ku Magadala, wa ku Betaniya, m'bale wa Marita ndi Lazaro, mayi wa Yakobo wamng'ono ndi Yose, wa Kleopa, amene ambiri amati ndi yemweyo mayi wa Yakobo wamng'ono, mayi wa Yohane Maliko, amene nyumba yake ku Yerusalemu inali popempherera, ndi wina wa ku Roma amene Paulo anamupatsa moni pomuyamika kuti anagwira ntchito molimbika.

Tinamva kuti Mariya wa ku Magadala anali mkazi wachiwerewere. Zalembedwa pati?

Palibe pamene zalembedwa. Apa ndi pamene kusakaniza mayina kunavulaza munthu.

Zimene Mauthenga amanena za iye ndi izi: anatulutsidwa ziwanda 7, anali mmodzi wa akazi amene ankathandiza Yesu ndi ophunzira ake ndi chuma chawo, analipo pa mtanda, anaona pamene anaikidwa, ndipo anali woyamba kapena mmodzi wa oyamba kufika kumanda. Kwawo, Magadala, unali mzinda wa asodzi kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Galileya, wotchuka ndi nsomba zothira mchere. Mu 2009 ofukula zakale anapezako sunagoge wa m'nthawi imeneyo. Munthu wodziwika ndi dzina la kwawo osati la mwamuna, komanso wokhala ndi chuma chothandizira ena, sakufanana ndi chithunzi chimene tinazolowera.

Msampha wake unatcheredwa motere. Mu Luka 7, mkazi wochimwa wosatchulidwa dzina akudzoza mapazi a Yesu m'nyumba ya Simoni Mfarisi. Mu Maliko 14, mkazi winanso wosatchulidwa dzina akumudzoza kumutu ku Betaniya m'nyumba ya Simoni wakhate. Mu Yohane 12, wodzoza wa ku Betaniyayo akutchulidwa kuti ndi Mariya, m'bale wa Marita. Ndiye Luka atangomaliza nkhani ya mkazi wochimwa uja, mutu wotsatira ukuyamba ndi kutchula Mariya wa ku Magadala. A Simoni awiri, kudzoza kuwiri, a Mariya awiri. Mu 591 Papa Gregory Woyamba, polalikira ku Roma, anamanga atatuwa mtolo umodzi, nati ziwanda 7 zija zinali machimo onse. Mipingo ya kum'mawa, ya Orthodox, sinatsate maganizo amenewa, koma kumadzulo anakhazikika zaka zoposa 1,300. Ojambula ankamujambula atamasula tsitsi akulira machimo, ndipo nyumba zosungiramo akazi oyesedwa olowerera zinkatchedwa dzina lake. Ku Ireland yomaliza inatsekedwa mu 1996.

Mpingo wa Katolika unawalekanitsanso akaziwa pokonza kalendala yake mu 1969, ndipo mu 2016 Papa Francis anakweza tsiku lake, 22 July, kukhala chikondwerero chofanana ndi cha atumwi. Komabe pa maulaliki ambiri mbiri yakaleyo idakamvekabe. Zimenezi n'zosayenera kuzilekerera, chifukwa wolalikira ali ndi buku m'manja ndipo kutsegula Luka 8 sikutenga mphindi.

M'buku la Machitidwe, Yakobo akuphedwa koma patsogolo pake akulankhulanso. Zikutheka bwanji?

Ndi anthu awiri, ndipo onse ali m'mutu umodzi, wa 12. Koyambirira kwake Herode Agripa Woyamba akupha ndi lupanga Yakobo mwana wa Zebedayo, m'bale wa Yohane. Izi zinachitika chisanathe chaka cha 44, pamene Agripayo anamwalira. Mavesi angapo kutsogolo, Petro atatuluka m'ndende akutuma anthu kuti akauze Yakobo. Uyu ndi m'bale wake wa Yesu, amene anatsogolera mpingo wa ku Yerusalemu ndipo Paulo anamuwerengera pa mizati yake. Luka sanafotokoze chifukwa owerenga ake ankawadziwa onse.

Imfa ya Yakobo wachiwiriyu siili m'Baibulo. Anailemba ndi Josephus: mu 62, bwanamkubwa Festo atamwalira ndipo wolowa m'malo mwake asanafike, mkulu wa ansembe Ananus anapezerapo mpata n'kulamula kuti aponyedwe miyala. Anthu anadandaula, Ananus anachotsedwa, ndipo amene anaikidwa pampando wake anali Yesu mwana wa Damneus. Inde, Yesu winanso.

Palinso Yakobo mwana wa Alifeyo, Yakobo wamng'ono, ndi Yakobo bambo wa mtumwi Yudasi wina uja. Kuphatikiza kapena kulekanitsa anthuwa kumakhudza chiphunzitso. Cha m'ma 383 katswiri wa Malembo Jerome, potsutsa Helvidius amene ankati Mariya anabereka ana ena, ananena kuti m'bale wa Ambuye ndi yemweyo mwana wa Alifeyo, choncho anali msuweni chabe. Akatolika ambiri anatsata zimenezi. A Orthodox amati abale a Yesu anali ana a Yosefe a kwa mkazi woyamba. Achiprotestanti ambiri a masiku ano amati anali ana a Yosefe ndi Mariya.

Onsewa dzina analitenga kwa kholo Yakobo, mwana wa Isake. Wowerenga Chichewa amaona zimenezi mosavuta popeza Baibulo lathu limalemba Yakobo konsekonse, pomwe la Chingerezi limati Jacob kwa kholo ndi James kwa a m'Chipangano Chatsopano. James anachokera ku Chilatini, kumene Iacobus anasanduka Iacomus. Nkhani yoti mfumu James ya ku England inalowetsamo dzina lake mu 1611 ndi yabodza: Baibulo la Wycliffe la m'ma 1380 linali kale ndi James. Onaninso banja la ku Nazarete: Yosefe, amene Mateyu akuti bambo ake anali Yakobo, ndi anyamata Yakobo, Yose, Yuda ndi Simoni. Ndi mayina a m'nyumba ya kholo Yakobo okhaokha.

Ndiye kuti dzina la Yesu silinali lake yekha?

Ayi. Pa mayina a amuna linali la nambala 6 kutchuka. Ndi dzina la Yoswa: Yehoshua m'Chiheberi, lonena za Yehova ndi chipulumutso, limene pambuyo pa ukapolo wa ku Babulo linafupika kukhala Yeshua. Buku la Nehemiya limatchula Yoswa mwana wa Nuni ndi dzina lofupikalo. Ayuda amene anamasulira Malembo m'Chigiriki Yesu asanabadwe analemba Iesous, kotero Mkhristu woyamba wowerenga Chigiriki ankaona dzina limodzi pa wolowa m'malo mwa Mose ndi pa Mnazarete. Mu Machitidwe 7 ndi Aheberi 4 Iesous wotchulidwayo ndi Yoswa, ndipo Baibulo la King James linasiya Jesus pamenepo, zomwe zasokoneza owerenga kwa zaka mazana.

Analiponso Yoswa mkulu wa ansembe m'masiku a Hagai ndi Zekariya, Yesu mwana wa Sira amene analemba buku la nzeru cha m'ma 180 Khristu asanabadwe, ndi Yesu wotchedwa Yusto, mnzake wa Paulo. Josephus yekha akutchula a Yesu oposa 10. Ndipo mipukutu ina yakale ya Mateyu 27 imati Baraba dzina lake linali Yesu Baraba, moti Pilato ankasankhitsa anthu pakati pa a Yesu awiri. Origen, wa m'zaka za m'ma 200, anaziona m'mipukutu ya m'masiku ake ndipo sizinamukomere kuti dzina loterolo likhale pa chigawenga. Akatswiri ambiri amaganiza kuti okopera anachotsa dzinalo mwaulemu, poti n'kovuta kuona chifukwa chimene Mkhristu akanaliwonjezera.

Nanga manda aja anapezeka ku Yerusalemu olembedwa Yesu mwana wa Yosefe?

Anapezeka mu 1980 kudera la Talpiot, ndipo anatchuka ndi filimu ya mu 2007 imene inati ndi manda a banja la Yesu wa ku Nazarete. Pa timabokosi ta mafupa panali mayina monga Yesu mwana wa Yosefe, Mariya, Yose ndi Yuda. Amene wawerenga mayankho ali pamwambawa waona kale vuto lake: awa ndi mayina amene anali m'nyumba iliyonse. Kabokosi kena kolembedwa Yesu mwana wa Yosefe kanali katadziwika kale mu 1931. Akatswiri ochuluka, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, anakana mfundo ya filimuyo.

Kodi Yuda ndi Yudasi ndi mayina awiri?

Ndi limodzi. M'Chigiriki mwana wa Leya, m'bale wa Yesu ndi wopereka Yesu onse ndi Ioudas. Omasulira ndiwo anawalekanitsa kuti kalata ya Yuda isaoneke ngati ya Isikariote. Linali dzina laulemu, la fuko la mafumu ndiponso la Makabeo. Saulo atachita khungu anakasungidwa kwa Yudasi wina ku Damasiko, ndipo Yudasi Barsaba ndiye anatumidwa ndi kalata ya atumwi ku Antiokeya. Wolemba Yohane anaona kale kuti dzinalo laipa, moti potchula mtumwi winayo anafulumira kunena kuti si Isikariote.

Herode uja anafuna kupha Yesu ali khanda ndi yemweyo anamuweruza?

Ayi, woyambayo anamwalira chaka cha 4 Khristu asanabadwe, malinga ndi kalendala yathu imene inaphonya chaka chenicheni cha kubadwa kwa Yesu. Amene anadula mutu wa Yohane M'batizi n'kudzakumana ndi Yesu pa mlandu ndi mwana wake, Herode Antipa, wolamulira Galileya mpaka 39. Wopha Yakobo ndi mdzukulu wa woyamba uja, Agripa Woyamba, ndipo amene anamvetsera Paulo akudziteteza ndi mwana wa mdzukuluyo, Agripa Wachiwiri. Apa dzina linasanduka la mpando wa banja.

Kodi m'Chipangano Chakale vutoli mulibe?

Lilimo, makamaka pa mafumu. Panali nthawi imene Israeli ndi Yuda onse ankalamulidwa ndi a Yoramu, wina mwana wa Ahabu, wina mwana wa Yehosafati. Mabanja awiriwa anakwatirana: Ataliya wa m'nyumba ya Ahabu anakwatiwa ndi Yoramu wa ku Yuda, ndipo mwana wawo anatchedwa Ahaziya, dzina limene mwana wa Ahabu anali nalo kale. Patsogolo pake panabweranso a Yoasi awiri. Wowerenga 2 Mafumu ayenera kumayang'ana dzina la bambo ndi la dziko pa vesi lililonse.

Kodi pali pamene Baibulo lenilenilo likuoneka kuti lasakaniza anthu?

Pamene pamavutitsa kwambiri ndi Mateyu 23:35. Yesu akunena za magazi a olungama kuyambira Abele mpaka Zekariya amene anaphedwa pakati pa Kachisi ndi guwa la nsembe, ndipo Mateyu akuti anali mwana wa Barakiya. A Zekariya m'Baibulo alipo pafupifupi 30. Mwana wa Berekiya ndi mneneri amene analemba buku, wa m'ma 520 Khristu asanabadwe, ndipo Chipangano Chakale sichinena kuti anaphedwa. Amene anaponyedwa miyala m'bwalo la Kachisi ndi Zekariya mwana wa wansembe Yehoyada, molamulidwa ndi mfumu Yoasi, zaka pafupifupi 300 mneneriyo asanakhaleko. Nkhani yake ili mu 2 Mbiri 24, ndipo m'Baibulo la Chiheberi mabuku a Mbiri nthawi zambiri amaikidwa kumapeto, choncho kuchokera kwa Abele mpaka kwa iye n'kuchokera ku buku loyamba mpaka lomaliza.

Luka, polemba mawu omwewo, sanatchule dzina la bambo. Mpukutu wa Codex Sinaiticus wa m'zaka za m'ma 300 unalembedwa poyamba wopanda mawu onena za Barakiya, ndipo Jerome anati mu uthenga umene Akhristu achiyuda otchedwa Anazarene ankawerenga anapezamo mwana wa Yehoyada. Ena amayankha kuti Yehoyada, amene Mbiri imati anakhala zaka 130, anali agogo ake, ndipo bambo weniweni anali Berekiya wina wosatchulidwa. Enanso amati zolemba za Ayuda omwe zinkaphatikiza a Zekariya awiriwa, ndipo Mateyu anatsata zimene anthu ankadziwa. Yankho limeneli ndi losavuta ndipo silifuna kupeka munthu amene Malembo sanamutchule. Buku lina lachikhristu la m'zaka za m'ma 100, Protevangelium ya Yakobo, linapereka imfayo kwa Zakariya bambo wa Yohane M'batizi, ndipo mipingo ya Orthodox imakumbukira choncho mpaka lero. Josephus naye ali ndi wake: Zekariya mwana wa Baris, munthu wolemera amene Azelote anamupha pakati pa Kachisi nkhondo yolimbana ndi Aroma ili mkati, Yerusalemu asanagwe mu 70.